Kapu ya Atcheya

"Kapu imodzi yokha, NyaManda. Imodzi basi! Kapu imodzi inaphapo ndani?"

"Inapha bambo anu aang'ono ku Chintheche. Nawonso ankati imodzi."

Frackson Mhone anavula jombo n'kuziponya pakhonde, matope a kudambo n'kuwazikira pakhoma. Anali atangoweruka kumunda wa ndiwo zamasamba wa Atchaina, kumene ankagwira ntchito yothirira mbande. Mkazi wake Keziya, amene iye ankamuitana kuti NyaManda potsata mfunda wa kwawo, sanasunthe pomwe anakhala. Anapitiriza kusenda chinangwa.

"Iwe sukumva. Atcheya anena pamaso pa anthu, pagolosale ya a Percy paja. Akuti pamsonkhano wa nthambi ukubwerawu andiitana kutsogolo, andipatsa kapu. Ndikamwa, nkhani yatha. Ndikakana, ndiye kuti ndine wa Mboni, dzina langa lipita ku boma."

"Wa Mboni inu? Khadi la chipani lili m'thumba mwanumo, lafika pong'ambika ndi kulionetsaonetsa pageti la msika. Ine nsalu ya mbumba ndili nayo. Ndi wa Mboni uti amene munamuona ali ndi khadi?"

"Akuti khadi aliyense akhoza kugula. Akuti mwamuna wokana kumwa ndi anzake a chipani ali ndi chipani china mumtima."

Keziya anaika mpeni pansi.

"A Mhone, musandinamize ngati mwana. Tcheya wanuyo, Zebedee Msiska, alibe nazo ntchito za mumtima mwanu. Chamupweteka ndi migolo ya mkazi wake. Kuyambira pamene amuna a ku Ching'ambo kuno munayamba kupemphera kwa Atchaina, moto wa kachasu kwa mkazi wakeyo, a Mabel, ukuyaka mwa apo ndi apo. Kale unkayaka ndi Lamulungu lomwe. Mbale yake yaphwa, ndiye akufuna inu mukhale nyambo yokolera anzanu."

"Tsitsa mawu, iwe! Makoma awa ndi a matabwa."

"Amve! Chobisika n'chiyani apa?"

"Amve? Waiwala za a Yona? Sunaone ndi maso ako nyumba yawo ikuyaka, ayufi a chipani akuvina mozungulira? Mpaka lero ndani akudziwa kumene ali? Zebedee ndi khoswe wa pamkhate, NyaManda. Ukamugenda, waswa chipani. Ine ndili ndi ana."

"Ana mwawakumbukira lero? Chaka chathachi Peggy ankathawira kunsi kwa bedi akangomva mukuimba kumsewu. Nsapato zake za kusukulu zinathera kwa a Mabel. Bulangeti lathu la ukwati mpaka pano akufunda ndi Atcheya."

"Zimenezo zinapita. Ambuye anandikhululukira."

"Ambuye anakukhululukirani, koma khosi lanu silinaiwale. Ndimakudziwani ine. Kapu yoyamba ikalowa imaitana azibale ake onse."

Frackson anakhala pansi pakhonde, manja kumutu. Ankadziwa kuti mkaziyo wanena zoona, komanso ankadziwa kuti zoona sizizimitsa denga.

Mapemphero amene anautsa mlanduwu anayamba popanda belu, popanda mbusa. Boma linabweretsa Atchaina a ku Taiwan kuti aziphunzitsa anthu ulimi wa mpunga ndi ndiwo zamasamba, ndipo ena mwa iwo anali ndi munda wachitsanzo m'dambo la kufupi ndi Kaning'ina. Mmodzi wa iwo, a Lin, amene antchito ankawatcha Dada Lini, ankadziwika ndi ukali ndi botolo. Anapita kwawo kutchuthi n'kubwerako munthu wina. Botolo analisiya, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankalowa m'shedi ya mbewu kukagwada. Posakhalitsa Atchaina anzawo awiri anawatsatira, kenako antchito, kenako akazi a antchito. Kapempheredwe kake kanali kachilendo. Onse ankapemphera nthawi imodzi, mokweza, aliyense m'chilankhulo chake, Chitchaina, Chitonga, Chitumbuka, Chichewa, shedi yonse n'kumalira ngati mng'oma wa njuchi. Lamulungu aliyense ankapitabe ku tchalitchi chake monga kale. Chimene chinasintha n'chakuti amuna amene ankagona m'ngalande anayamba kufika pakhomo dzuwa likadalipo.

M'mawa mwake Keziya anapita kumundako nthawi ya mapemphero. Kunali chifunga ndi kamvula kowaza kaja kosadziwa kukata. M'shedi munali anthu ochepa, chifukwa mphekesera inali itamutsogolera. Atatha kupemphera, Keziya anawatsekereza Dada Lini pakati pa mabedi a tchainizi.

"Monire, dada."

"Monire, Mayi Mhone." A Lin anakhalitsa ku Limphasa asanabwere ku Mzuzu, ndipo Chichewa chawo chinali chodukaduka koma chomveka.

"Mwamva za Atcheya athu?"

"Ndamva. Frackson lero sanagwade. Waima pakhomo, maso kumsewu."

"Inu ndinu alendo a boma. Mukapita ku ofesi ya chipani kukanena mawu amodzi, akumverani."

A Lin anapukutira manja pabuluku lawo, n'kupukusa mutu. "Bwana wanga wandiuza: iwe Lin, ntchito yako kabichi. Ndale ayi. Ukalowa ndale, ndege mawa, munda atseka. Anthu onsewa ntchito yatha."

"Ndiye moto mwayatsa ndinu, koma mukufuna kuwothera patali? Inu mukakwera ndege, ife titsala ndi Zebedee."

Mtchainayo sanakwiye. Anazula kaudzu pakati pa mbande, n'kukayang'anitsitsa.

"Zoona zimenezo. Ndikuuzeni za amayi anga. Ine ndinawoloka nyanja kupita ku Taiwan ndili mnyamata, nthawi ya nkhondo. Amayi anatsala ku China wamkulu. Kumeneko boma linatseka matchalitchi, linawotcha Mabaibulo. Ine ndinati amayi anafa, Mulungu wawonso anafa. Ndiye ndinamwa. Patchuthi paja ndinakumana ndi msuweni wochokera kumeneko. Akuti amayi ali moyo. Zaka zonsezi akupemphera kukhitchini ndi amayi anzawo, chitseko chotseka. Poyamba ochepa. Lero mudzi wonse, ndi midzi ina, mpaka mwana wa mkulu wa chipani. Amuna anachita mantha, Mayi Mhone. Anagwira ndi amayi."

"A chipani cha kumeneko anangowasiya?"

"Ayi. Anawamenya. Anawayendetsa mumsewu ndi chipewa cha pepala, anthu akuwalavulira. Koma mkulu wa chipani nayenso amadya za kukhitchini."

Keziya anabwerera kunyumba osakhutira. Nkhani ya amayi a eni ake siitchinga nyumba yako ku moto. Komabe mawu aja oti anagwira ndi amayi anamutsatira njira yonse mpaka ku Ching'ambo.

Nkhani yomweyo Dada Lini anali ataifotokozapo kale m'shedi, ndipo m'shedimo simunkalowa opemphera okha. Lamulungu masana, Atcheya a nthambi, a Zebedee Msiska, anatulukira pakhomo pa a Mhone atavala jekete la baji, kumbuyo kwawo kuli ayufi awiri a malaya ofiira.

"Odi kuno kwa abusa!"

"Yewo, Atcheya. Abusa kulibe kuno, kuli a Mhone," anatero Keziya, uku akuwaikira mpando, poti mlendo ndi mlendo ngakhale akhale fisi.

Frackson anatuluka, n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Frackson, mwana wakwathu, ndabwera ngati bambo wako. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani ija yakula. Tamva kuti Mtchaina wanu uja mayi ake ali kwa Achikomyunizimu, ndipo amachititsa misonkhano yachinsinsi m'nyumba. Ndi zomwezo akukuphunzitsani kuno. Mumafuula nonse pamodzi kuti wina asamve mmene mukutukwanira boma."

"Atcheya, ife timangopemphera."

"Pemphero lake liti lopanda mbusa? Ine ndine munthu wa mpingo, ndinabatizidwa iwe usanabadwe. Pemphero amapemphera mmodzi, ena n'kuvomera ameni. Zanuzo ndi phokoso la achule."

"Achule akamalira ndiye kuti mvula yagwa, Atcheya," anatero Keziya.

Mmodzi wa ayufi aja anaseka, kenako n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"NyaManda, pakamwa pakopo padzakugoneka panja. Mwamuna wakoyu anali munthu wa anthu. Ankaseka, ankacheza, ankagulira anzake. Lero amadutsa pakhomo panga ngati pagwa nthenda."

"Kuseka ankasekera kwanu. Kuno ankabwera ndi zibakera."

"Za m'banja ine sindilowerera." Atcheya anaimirira, n'kukonza baji. "Loweruka la sabata yamawa, pabwalo la sukulu. Ukamwa, Frackson, ine za Chikomyunizimuzi ndiziiwala. Anzako onse adzamwa pambuyo pako, Ching'ambo ibwerere mwakale."

Alendowo atangokhota pa nthochi, Frackson anatembenukira mkazi wake.

"Wamva tsopano? Za Mboni zinali bwino, akanangotithamangitsa. Chikomyunizimu ndi ndende yopanda tsiku lotuluka. Ndipo iwe uli pompo kunena za achule!"

"Nanga ndikanati chiyani? Ndikanawathokoza?"

"Ukanakhala chete ngati akazi anzako."

"Akazi anzangawo ndikawafunsa ngati kukhala chete kunawathandizapo."

Sabata imeneyo Keziya anayenda khomo ndi khomo, chidebe pamutu ngati wopita kumpopi. Marjorie, mkazi wa kalipentala, anavomera asanamalize n'kufotokoza komwe. Hilda anavuta.

"Ine ayi, mlongo. Amon wanga ndi mesenjala ku boma. Akamva kuti ndalowa nawo zimenezi, ntchito yatha."

"Chaona mnzako chapita, Hilda, mawa chili pa iwe. Akamwa Frackson, wotsatira ndi Amon wakoyo. Mano otsalawo ukufuna awamalize?"

Hilda anatseka pakamwa ndi dzanja. Kenako analowa m'nyumba kukatenga mpango.

Atatuwo anayenda wapansi mpaka kumsika waukulu, kusitolo ya nsalu ya Mayi Winifred Gondwe, mkulu wa amayi a chipani mu mzinda wonse. Anali mayi wathupi, wa magalasi, amene ngakhale apolisi ankamuvulira chipewa. Anawasiya ataima mpaka atamaliza kudula nsalu ya kasitomala.

"Mwati ndinu a ku Ching'ambo? Nthambi ya Zebedee? Bwanji osapita kwa tcheya wanu?"

"Mlandu wake ndi tcheyayo, mama," anatero Keziya.

Mayi Gondwe anakankha chitseko ndi phazi.

"Samala, mwanawe. Chipani sachiimba mlandu."

"Sindikuimba mlandu chipani. Tsiku lililonse pawailesi timamva kuti Ngwazi ndi nkhoswe ya amayi onse, kuti mwamuna wozunza mbumba akanenedwe. Ife timavina nyimbo zimenezo mpaka fumbi kutilowa m'maso. Lero ndabwera kudzaona ngati zili zoona, kapena ndi nyimbo chabe."

Marjorie anatsamira khoma. Hilda anayang'ana kuchitseko. Mayi Gondwe anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Ukudziwa kuti mawu amenewo ndikhoza kukutsekera nawo?"

"Ndikudziwa, mama."

"Wakuzunza ndani?"

"Kachasu wa kwa Atcheya."

Keziya anamasula duku. Kuchokera pamwamba pa khutu mpaka pakati pa mutu panali chipsera chimene tsitsi linakana kumerapo. Marjorie anakwinya dzanja la bulauzi, n'kuonetsa mkono umene unathyoka n'kulumikizana mokhota. Hilda anangoyasama, n'kuonetsa pamene panaguluka mano.

"Izi zinaleka pamene amuna athu analeka kumwa," Keziya anapitiriza. "Tsopano Atcheya akuti mwamuna wosamwa ndi mdani wa boma. Akufuna kuwamwetsa mokakamiza pamsonkhano wa chipani, pansi pa mbendera."

"Za mapemphero anu a kwa Atchaina ndinamva. Ine sindizifuna n'komwe. Ndine wa Katolika, phokoso limenelo limandipweteka mutu."

"Sitinabwere kudzakutembenuzani, mama."

"Muli angati amene amuna anu analeka?"

"Tikhoza kudzaza lole."

Mayi Gondwe anavalanso magalasi, n'kutenga sizasi.

"Pitani. Sindinalonjeze kanthu. Koma kumsonkhanoko mukavale nsalu zanu za mbumba nonse, ndipo mukafunde zina pamwamba. Kukuzizira masiku ano."

Keziya sanamuuze Frackson za ulendowo. Mawu a munthu wamkulu oti sindinalonjeze kanthu suwamangira nyumba. Komanso mumtima mwake ankafuna kudziwa chimodzi: kodi mwamuna amene anamubwerera uja anali wake ndithu, kapena wongobwerekedwa mpaka tsiku limene wina adzamuopseze?

Loweruka lija m'mawa Frackson anavala malaya oyera, n'kuima pakhomo la kukhitchini.

"Ndikamwa, NyaManda. Ndapemphera, koma mantha sakuchoka. Bola uzindinyoza ndili pakhomo kusiyana n'kuti uzindilira ndili kundende."

"Khosi ndi lanu, a Mhone. Koma dziwani kuti mukamwa, ine ndi ana tikwera basi ya ku Nkhata Bay. Chibakera choyamba sindichidikira."

"Ndiye ukundikankhira kuti? Uku moto, uku madzi!"

"Sindikukukankhani. Ndikungokuuzani kumene ine ndikhale."

Masana bwalo la sukulu linadzaza, pakuti msonkhano wa chipani sunkajombedwa. Ayufi anali atatseka kale misika ing'onoing'ono ndi mipopi. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi pansi pa udzu wonyowa, atafunda zitenje zakale ndi mabulangeti mpaka kumutu. Kutsogolo kunali tebulo, pambali pake mbendera. A Mabel, mkazi wa Atcheya, anakhala pafupi ndi tebulolo atakumbatira dengu.

"Kwacha!"

"Kwachaaa!"

Atcheya analankhula nthawi yaitali za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kenako anafika pamene aliyense ankadikira.

"Muno mu Ching'ambo mwalowa njoka. Anthu ena akukumana m'shedi, akufuula zinenero zosamveka, akudzipatula kwa anzawo. Ine sindiweruza munthu popanda umboni. Lero tiona tokha. Frackson Mhone, bwera kuno!"

Frackson anayenda ngati wonyamula thumba la simenti. A Mabel anatulutsa botolo m'dengu, Atcheya n'kuthira m'kapu yachitsulo mpaka m'milomo. Fungo linafika mpaka ku benchi yachitatu, ndipo amuna angapo anameza malovu.

"Imwa ndi abale ako, tione kuti ndiwe wathu."

Frackson analandira kapuyo ndi manja awiri. Anaikweza mpaka pachibwano. Keziya anamuyang'ana osaphethira, zala zake zitakumba dothi.

Kapu inakhala pamenepo. Kenako inayamba kutsika.

"Atcheya," anatero Frackson, mawu ake ali aang'ono ngati a mwana, kenako n'kumakula. "Khadi langa ili. Msonkho ndinakhoma. Ntchito ya chitukuko sindinajombepo, matabwa a mlatho wa kudambo uja ndinasenza ndi mutu uwu. Mukati ndifuule Kwacha mpaka mawu atathe, ndifuula. Koma ichi," anaika kapu patebulo, "ichi chinandisandutsa galu pakhomo panga. Sindimwa."

"Mwamva nokha!" anakuwa Atcheya. "Wakana pamaso pa mbendera! Ayufi, mugwireni!"

Anyamata a malaya ofiira anadumpha. Koma asanafike patebulo, Marjorie anaimirira n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu akuthwa ngati lipenga: "Nkhoswe yathu imve, mbumba ikulira!" Amayi anadzuka onse pamodzi. Mabulangeti ndi zitenje zakale zinagwa pansi, ndipo bwalo linasanduka nsalu za mbumba zokhazokha, nkhope ya Ngwazi pachifuwa, pamsana, m'chiuno. Anayenda movina, mapazi akukhwekhwereza, mpaka anamuzungulira Frackson mizere itatu. Sanali a m'shedi okha. Analowa ndi ena amene amuna awo ankamwabe, amenewo ndiwo ankaimba mokweza kuposa onse.

Ayufi anaima. Ndi mnyamata uti akanayerekeza kukankha mayi wovala nkhope imeneyo? Kungong'amba kansonga ka nsaluyo, ngakhale mwangozi, unali mlandu umene amalume ako sakanakuwombola. Mmodzi anayesa kudutsa chammbali, koma Hilda anamutchingira ndi chifuwa.

"Gwira, mwana wanga. Gwira apa pali nkhopepa, tikuone."

Mnyamatayo anabisa manja kumbuyo.

"Amayi, khalani pansi! Ndikulamula ine tcheya wanu!" Atcheya ankamenya tebulo, koma mawu awo ankamira m'nyimbo.

Pamenepo mayi wina wathupi amene anatsala chikhalire pa udzu anachotsa bulangeti kumutu, n'kuvala magalasi. Anakweza dzanja limodzi, nyimbo n'kuduka.

Atcheya anavula chipewa. "Mama Gondwe! Sitinadziwe kuti mwatiyendera. Mpando, anyamata, mpando!"

"Ndakhala kale pansi, a Msiska, ndipo pansipo pamaoneka zambiri. M'kapumu muli chiyani?"

"Ndi ka mowa pang'ono chabe, mama. Kongoyesera kukhulupirika."

Mayi Gondwe anatenga kapu, n'kununkhiza, n'kuthira pang'ono patebulo. "Ndani ali ndi machesi?" Bambo wina anapereka. Atangoyatsa, lawi labuluu linathamanga pathabwa, amayi n'kukuwa.

"Kachasu, wa kumutu weniweni. Woletsedwa ndi lamulo la dziko lino. Patebulo la chipani, pansi pa mbendera. Kukhulupirika kwa ku Ching'ambo mumayeza ndi ameneyu?"

"Mama, simukudziwa bwino nkhaniyi. Anthu awa akuphunzitsidwa Chikomyunizimu ndi Atchaina."

"Atchaina ati? A kumunda aja? Anawaitana m'dziko muno ndani?"

"Boma, mama."

"Boma la yani?"

Mayi Gondwe anawayandikira Atcheya.

"Nenani mokweza, anthu amve, kuti ndikakanena ku ofesi ndisakanamizire munthu. Zebedee Msiska akuti Ngwazi inalakwitsa. Akuti inatibweretsera Achikomyunizimu, ndipo woyamba kuzindikira ndi iye, wa ku Ching'ambo."

"Ine sindinanene choncho, mama! Chonde, ndapota nanu!" Atcheya anagwada m'matope ndi buluku lawo la msonkhano.

"Ndiye Atchaina aja ndi otani?"

"Ndi abwino, mama. Abwino chomene."

"Mapemphero awo?"

"Abwino chomene."

"Mwamuna wosiya mowa kuti asamenye mbumba?"

"Ameneyo ndiye wabwino chomene nkhanira!"

Kuseka kunayambira kwa amayi, n'kufalikira ku mabenchi a amuna, mpaka anthu ena ankagwirana mapewa. Anthu a ku Ching'ambo anali asanasekepo tcheya pamaso pake chiyambire, ndipo anaseka ngati akulipsira zaka zonsezo.

Mayi Gondwe anatembenukira ayufi. "Inu a malaya ofiira, mwaima ngati mitengo bwanji? Kumene kuli migolo mukukudziwa, mumamwera komweko. Pitani mukaiboole yonse." Anyamatawo anathamanga ndi liwiro lomwe lija anadumphira Frackson, poti kwa iwo chachikulu chinali kutumidwa. A Mabel anawatsatira akulira, dengu lili m'manja, ndipo palibe mayi amene anapita kukawagwira. "Inu a Msiska, Lolemba m'mawa ku ofesi. Baji ija mubwere nayo m'manja, osati pachifuwa."

Kenako anakodola Keziya ndi chala.

"Iwe wapakamwa, usapite uku ndi uku kumanena kuti wagonjetsa chipani. Chipani chadzitsuka chokha. Wamva?"

"Ndamva, mama. Yewo chomene." Keziya anagwada, maso pansi, kuti asaonetse zimene zinali pankhope pake.

Msonkhano uliwonse unkatsekedwa ndi pemphero, koma wotseka nthawi zonse anali Atcheya, ndipo Atcheya anali akadali m'matope. Amon, mwamuna wa Hilda, anaimirira n'kunena kuti, "Tiyeni tipemphere." Sananene kuti apemphere ndani. Anayamba mmodzi, wachiwiri, kenako bwalo lonse, aliyense ndi mawu ake, Chitonga, Chitumbuka, Chichewa, mokweza, poyera, dzuwa likuwala. Mayi Gondwe anatseka makutu ndi manja onse awiri n'kumapita ku galimoto yawo akupukusa mutu, koma sanaletse.

Pobwerera, Frackson ndi Keziya anatsalira m'mbuyo mwa gulu. Panjira yotsetsereka ya kudambo mwamunayo anaima, n'kugwira mtengo.

"NyaManda, ndikuuze zoona. Ndinaufuna. Fungo lija litandilowa, m'kamwa monse munadzaza malovu."

"Ndinaona. Khosi lanu linkakwera n'kutsika ngati la tambala womwa madzi."

"Iwe unkadziwa kuti amayi aja adzuka?"

"Amayi ndinkadziwa. Za Mayi Gondwe ndinaona pamodzi ndi inu."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanakana chifukwa cha iwo. Ine ndinkafuna mukane nokha."

Frackson anayang'ana utsi wakuda umene unkakwera kuseri kwa nyumba ya Atcheya, kumene ayufi ankawotcha zotchezera.

"Nanga akanapanda kubwera? Akananditenga?"

Keziya anamanganso duku lake bwinobwino, n'kuyamba kuyenda.

"Ndikanakubweretserani chakudya kundende, a Mhone. Ndikanadutsa nacho pakati pa msika, mutu uli m'mwamba, ndipo aliyense wondifunsa ndikanamuuza kuti ndikupita kwa mwamuna wanga. Tiyeni, ana akudikira."